Galimoto ya Mawaya ya a Gilford

Aphunzitsi a Gilford anafika ku Biwi Lachiwiri masana, tayi ili pakhosi, jumbo yakuda ili m'khwapa, akuyenda cham'mbalimbali ngati mkulu wa mpingo amene akupita kwa sing'anga. Ankafuna Che Zaki, wowotcherera mageti, amene anakulira nawo limodzi ku Kawale.

Chinawabweretsa ndi pakamwa pawo pomwe. Lamulungu atachokera ku tchalitchi anapeza mwana wawo Pemphani akudinadina foni ya amayi ake kuseri kwa chitseko. Anailanda, n'kuyamba ulaliki umene nyumba yonse imaudziwa pamtima: ana a masiku ano sadziwa kusewera, ife tinkasewera mpaka kuiwala kudya, ife galimoto za mawaya tinkapanga ndi manja athuwa. Masiku onse mwanayo amangozolika kudikira kuti ulalikiwo uthe. Tsiku limenelo anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Ndiye mundipangireko imodzi, adadi."

Pa zaka khumi ndi chimodzi za mwanayo, aka kanali koyamba kuti apemphe bambo ake chinthu choti si pensulo kapena kope. A Gilford zinawakhudza mumtima, ndipo mutu usanaganize, pakamwa panali patalonjeza kale kuti Loweruka galimoto ituluka. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Lolemba anadzitsekera kuchipinda ndi mahang'ala atatu. Chimene chinatuluka ndicho chinali m'jumbomo.

Che Zaki anachotsa galasi lakuda kumaso, analonjerana, n'kuwakokera benchi. Ndi munthu wa mawu ochepa, ndipo mawu a anzawo amawalandira monga momwe abwerera, sawasenda. Mayi wina atawauza kuti akufuna geti loti mbuzi isamalowe, iwo anapempha kuti akaione kaye mbuziyo.

A Gilford anayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa chinthu chija. Che Zaki anachitembenuza kawiri.

"Choikapo sopo," anatero.

"Ndi galimoto."

"Chikununkhira sopo."

"Mayi a Pemphani anachipeza pawindo n'kukachipachika ku bafa. Anathokozanso. Koma ndi galimoto."

Che Zaki anachibweza ndi manja awiri. A Gilford anatsokomola, n'kufotokoza kuti akufuna galimoto ya mawaya yeniyeni, ngati zija ankapanga kale ku Kawale fumbi lili koboo.

"Ankapanga ndani?" anafunsa Che Zaki.

"Ife. Ine ndi inu."

Che Zaki anayang'ana kudenga kwa kanthawi.

"Ine ndinkapanga. Malemu Godwin ankapanga. Inu munali filing'i."

Zimenezi zinali zoona, ndipo a Gilford anali atakhala zaka makumi atatu ndi zisanu akuzikwirira bwinobwino. Amayi awo ankakazinga zitumbuwa. Akaweruka ku sukulu ankawakhazika pansi pa mtengo wa mango m'mphepete mwa msewu, beseni kutsogolo, mlongo wawo Mirriam kumbuyo. Kuchoka pamenepo kunali kuputa mkwapulo. Anzawo posafuna kuwasiya kunja kwa masewera anagwirizana kuti pamangopo pakhale pothira mafuta. Galimoto zinkabwera, Gilford n'kuloza kaphesi m'mbali mwa iliyonse, kunena kuti shiii, madalaivala n'kutola nyenyeswa m'beseni, ulendo.

"Filing'i ndi gawo la zamtengatenga," anatero a Gilford.

"Ndi gawo. Koma siyenda."

"Ndinayendetsapo ine."

"Kamodzi. Ya Godwin. Munafika pa mpope, galu analowa m'beseni, amayi anu anakuitanani ndi dzina lonse."

A Gilford anati sanabwerere nkhani za agalu. Anati mfundo ndi yakuti nthawi yawo ana ankasewera, pamene a masiku ano sadziwa kusewera, ndipo winawake ayenera kuwaonetsa. Che Zaki sanatsutse. Anatola choko n'kuima pa chitseko cha kontena yawo, pamene amalemba miyeso ya makasitomala.

"Lole, basi, kapena yaing'ono?"

"Iliyonse. Bola ikhale ya nthawi yathu ija. Ya fumbi. Ya ufulu."

Che Zaki analemba kuti fumbi. Kenako anaima.

"Ufulu ndiuike kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Lembani lole."

"Lole. Woyendetsa ndi wamtali bwanji?"

A Gilford anakweza dzanja kufika m'chiuno, analikwezanso kufika pachifuwa, n'kulisiya lili m'malere. Anazindikira kuti mwana wawo amamudziwa bwino ali chikhalire, pa benchi, atawerama. Ali chiimire sankamudziwa kwenikweni. Che Zaki anati chiwongolero cha galimoto ya mawaya chimayenera kufika pa mchombo wa mwini wake, chikapitirira galimoto imamulamula, chikaperewera amawawa msana. Choncho woyendetsayo abwere amuyeze.

"Sangabwere. Alibe mpata."

"Mawa?"

"Sukulu mpaka 1 koloko. Kuyambira 2 mpaka 5 patitayimu."

"Ikatha patitayimu?"

"Homuweki ya sukulu. Kenako ya patitayimu."

"Loweruka?"

"M'mawa masamu. Masana mayeso a zimene waphunzira m'mawa."

"Lamulungu?"

"Che Zaki, ndinu Msilamu koma Lamulungu mukulidziwa."

"Holide?"

"Holide ndiye nthawi yabwino yoyamba za teremu ya mawa. M'mera mpoyamba."

Che Zaki anafunsa kuti mphunzitsi wa patitayimuyo sangapemphedwe kuti amumasule mwanayo theka la ola. A Gilford anati mphunzitsi ameneyo ndi wa mwambo, sachita zachibwana. Sananame. Mphunzitsiyo anali iwo omwe. Patitayimu inkachitikira m'shedi ya kuseri kwa nyumba yawo, ana khumi ndi anayi, Pemphani pa benchi yakutsogolo. Ngakhale tsiku limenelo anali atangowasiyira masamu pa bolodi kuti athamangire ku Biwi.

"Ndiye galimotoyi iziyenda liti?"

"Mpata udzapezeka."

"Kuti?"

"Kunyumba. Kumpanda."

"Geti lanu ndinawotcherera ndine. Kuchoka pakhonde kufika pa geti ndi mapazi asanu ndi anayi. Lole sikhota pamenepo."

"Izibwerera chambuyo."

"Kunja kwa geti?"

"Kunja kuli njinga zamoto za kabaza. Mukufuna mundiphere mwana?"

"Pa bwalo lathu lija?"

"Pali tchalitchi."

"Kuseri kwa tchalitchi?"

"Pali tchalitchi china."

Che Zaki analemba pachitseko kuti mapazi 9, chambuyo. Kenako ananena kuti galimoto ya mapazi asanu ndi anayi sifunika chiwongolero, ifunika shelefu. A Gilford anati iwo sanapemphe maganizo, apempha galimoto. Ndipo anasendera pafupi, kutsitsa mawu, n'kufika pa nkhani yeniyeni imene inawatulutsa thukuta chichokereni ku Kawale.

"Chachikulu n'chakuti mwana adziwe kuti ndapanga ndi manja anga."

"Mukufuna yopangidwa ndi manja anu."

"Eetu."

Che Zaki anayang'ana manja awo, n'kuyang'ana m'kontena muja ngati akufunafuna chinthu.

"Manja anu ndilibe pano. Ndili ndi anga okha."

"Mupange inuyo. Ine ndikanena kuti ndapanga ndine."

"Ndiye ikhala ya manja anga."

"Adziwa ndani?"

"Ine."

"Inu simukhala kwathu."

"Akandifunsa ndinena."

A Gilford ankadziwa kuti anenadi. Munthu ameneyu ali mwana ankati akabisala pa chibisalirano, wofunafuna akafuula kuti muli kuti, iye amayankha. Anayesa njira ina. Anati aipange moipa, yopindikapindika, yoti aliyense akaiona anene kuti iyi si ntchito ya mmisiri. Che Zaki anafunsa kuti yopindika motani. A Gilford analoza chinthu cha m'jumbo chija.

"Kupindika kumeneko sindingakukwanitse," anatero Che Zaki. "N'kwanu."

Anakangana mpaka dzuwa linapendeka, ngati kungatchedwe kukangana pamene mmodzi akutuluka thovu, wina akungobwereza zimene walemba pachitseko. A Gilford anakumbutsa za chibwenzi cha ubwana, anakumbutsa za nyenyeswa zonse zimene Che Zaki anadya ulele pamango paja. Che Zaki anavomera kuti anadyadi, ndipo zinali zokoma. Koma kasitomala waitanitsa lole yopangidwa ndi manja a a Gilford, ndipo iwo sanaperekepo kwa munthu chinthu chosiyana ndi chimene waitanitsa. Chimene angachite n'kupereka waya, malo, ndi kuuza munthu akalakwitsa.

Pamapeto pake a Gilford anagonja, koma mwa aphunzitsi, ndi malamulo. Anati azibwera 2 koloko tsiku lililonse mpaka Lachisanu, azikhala m'kati mwa kontena, chitseko chotseka. Munthu aliyense akabwera kudzawafuna, Che Zaki azinena kuti ati kulibe. Ndipo za kunja asawauze chilichonse, angasokonezeke.

Che Zaki analemba zonse ziwiri pansi pa mapazi 9.

Lachitatu a Gilford anasiya pa bolodi tsamba 40 mpaka 60, n'kukwera kabaza. M'kontena anapeza benchi, mtolo wa waya, malegeni odula kuchokera ku chubu, ndi zitini zinayi za polishi zoti zikhale mateyala. Che Zaki anawapatsa chitsulo chopindira waya. A Gilford anachiyang'ana monyoza.

"Izi ndi za ana a masiku ano. Ife tinkapinda ndi mwala."

Che Zaki anatenga chitsulo chija n'kukachikhoma m'bokosi. Anatuluka, n'kubwera ndi mwala.

A Gilford anafuna kunena kuti amangocheza, koma munthu amene wakhala zaka makumi awiri kutsogolo kwa kalasi sabweza mawu. Anatenga mwalawo. Pofika 3 koloko anali atamenya chala chachikulu katatu ndipo waya anali asanamve kanthu. Che Zaki ankasuzumira nthawi ndi nthawi, kunena kuti apo ayi, n'kutuluka. Sankanena kuti ndi pati pamene pali eya. Pofika 4 koloko tayi inali itapachikidwa pa msomali.

Cha m'ma 4 momwemo kunja kunayamba phokoso la ana. Kuseri kwa makontena a ku Biwi kuli kamalo pakati pa magalimoto akufa ndi ngalande, ndipo kuchokera kumeneko kunkamveka kuthamanga, kuseka, kukangana. A Gilford anapukusa mutu.

"Mukumva? Ana a eni ake awa. Tsiku la sukulu. Alibe patitayimu?"

Che Zaki analoza pachitseko.

"Ndangofunsa."

"Za kunja munaletsa."

"Makolo ena sadziwa kulera," anatero a Gilford, n'kumenyanso chala.

Lachinayi zinthu zinayamba kuoneka. Panali chinthu cha makona anayi, kapena asanu, chimene munthu wachifundo akanachitcha thupi la lole. Chinanso, waya wa tsiku limenelo anali wabwino. Wa dzulo anali wamakwinya, wochotsedwa ku mpanda wakale, koma uyu anamupeza pakhomo atawongoledwa kale, atasanjidwa, wautali payekha, waufupi payekha.

"Zikomo powongola wayayu."

"Si ine."

"Nanga ndani?"

Che Zaki analoza pachitseko.

A Gilford sanalimbikire, chifukwa mutu wawo unali pa mateyala. Anali atatulukira okha kuti chitini cha polishi chikaboola pambali pang'ono, lole imayenda motsimphina. Zitini ziwiri zinawonongeka, ndipo Che Zaki anati zina zilipo kunyumba kwa aphunzitsi, za polishi ya nsapato zawo. Atafika pomanga malegeni, a Gilford anadzigwira akulira ngati injini, vuuu, kusintha magiya ndi pakhosi. Anasiya msanga. Che Zaki, amene anali chiimire pakhomo ndi tepi m'manja, anangoti giya yachitatu anaidumpha.

"Tepiyo ndi yachiyani?"

"Chiwongolero. Woyendetsa sanabwere."

"Ndinakuuzani, alibe mpata."

"Ndiye ndiyeza amene alipo. Imani."

"Ine si woyendetsa."

"Waya sadulidwa popanda muyeso. Imani mowongoka."

A Gilford ananena kuti izi ndi zopanda nzeru, kuti mwanayo ndi wamfupi kuposa iwo, kuti angochotsako pang'ono mongoganizira. Che Zaki anafunsa kuti pang'ono ndi mainchesi angati. A Gilford anaima, anakweza malaya, ndipo tepi yozizira inafika pa mchombo. Ankadandaulabe, koma anabweza mimba m'kati kuti muyeso ukhale wolondola.

Kunja phokoso lija linali litakula. Tsopano kunkamveka ngati magalimoto enieni, wina hutala, wina mabuleki, wina akukuwa kuti wapolisi wa pamsewu akukondera. A Gilford anaima kumvetsera, waya ali m'kamwa. Kunena zoona anachita nsanje. Anali pamangonso, beseni kutsogolo, dziko lonse likudutsa. Analavula wayayo n'kunena kuti ana amenewo adzalira pa mayeso.

Kunyumba madzulo onsewa kunali bata. Pemphani ankapereka makope a anzake, tsamba lililonse litalembedwa. Ankadya msanga, kugona msanga. Mayi ake anati mwanayu masiku ano akudya ngati wolima, ndipo makabudula ake akuda m'matako. A Gilford anati ndi kukula. Manja awo ankawabisa pansi pa tebulo.

Lachisanu Che Zaki atabwera ku mzikiti anapeza kasitomala wawo atafika kale, ali m'kati, akumangirira chiwongolero. Pofika 4 koloko lole inatha. Inali yopendekera kumanzere. Kutsogolo kwake kunali ngati kwa galimoto yoti yachitapo ngozi n'kukonzedwa ndi achibale. Koma mateyala onse anayi ankagunda pansi, ndipo munthu akapotoza chiwongolero, akutsogolo ankamvera.

A Gilford anaiyendetsa m'kontena momwemo, mapazi atatu kupita, atatu kubwerera. Anapitanso. Anabwereranso. Chiwongolero chinakhala pa mchombo ngati chinabadwira pomwepo. Anasangalala, chisangalalo chenicheni chochititsa manyazi, chimene sanachimvepo ngakhale tsiku limene analandira satifiketi ya uphunzitsi. Kenako mantha anabwera. Anakumbukira kuti mawa ndi Loweruka, ndipo chinthu chopendekerachi chiyenera kukaimira zaka zonse za ulaliki uja.

"Mukuona bwanji, aikonda?"

"Sindikudziwa."

"Akhulupirira kuti ndine katswiri wa kale?"

Che Zaki analoza pachitseko.

"Zimenezo zikukhudzana bwanji ndi za kunja?"

"Zikukhudzana."

A Gilford anasiya chiwongolero. Anati ntchito yatha, malamulo aja achotsedwe. Che Zaki anafunsa ngati onse awiri. Atamva kuti onse, ananyowetsa chala, anafufuta mizere iwiri ija mosamala, osakhudza mapazi 9, n'kutembenuka.

"Mwana wanu ali panja."

"Panja pati?"

"Kuseri kwa kontena ino."

"Wabwera liti?"

"Lero 3 koloko. Dzulo 3 koloko. Dzana cha m'ma 4, chifukwa anasochera."

"Yekha?"

"Ali khumi ndi anayi."

Nkhani yake Che Zaki anaifotokoza ngati akuwerenga muyeso wa windo. Lachitatu anawo anamaliza tsamba 40 mpaka 60 pasanathe ola, chifukwa anagawana masamba. Anadikira aphunzitsi kuti adzachonge, osabwera. Pemphani anada nkhawa, poti bambo ake sanajombepo masiku awiri otsatizana chibadwire iye. Anafunsa wa kabaza wa pa siteji, wa kabaza analoza ku Biwi, ndipo kalasi yonse inanyamuka pa mzere.

"Munawauza chiyani?"

"Zimene munandiuza."

"Kuti kulibe."

"Ndinati aphunzitsi ali m'kontenamu, ndipo ati kulibe."

A Gilford anakhala pansi pa benchi pang'onopang'ono.

"Ndiye akudziwa kuti ndikuphunzira kumene."

"Zimenezo sanafunse. Amamva okha mukamenya chala."

"Anafunsa chiyani?"

"Wanu anafunsa kuti galimoto yanu ya kale inali ya mtundu wanji."

"Che Zaki."

"Ee."

"Munati chiyani?"

"Ndinati munali filing'i."

A Gilford anayang'ana manja awo, mabala, dzimbiri m'zikhadabo. Anachita manyazi aakulu, oposa a tsiku la galu lija. Akanalolera kuti akulu a mpingo onse awaone akulira ngati injini kusiyana n'kuti mwana mmodzi ameneyo amve za beseni. Anaganiza za maulaliki onse a Lamulungu, n'kuona kuti kuyambira lero akadzangotsegula pakamwa kuti ife nthawi yathu, mwanayo azidzaona kaphesi.

"Anaseka," anatero a Gilford. Silinali funso.

"Ena anaseka. Wanu sanaseke."

"Anatani?"

"Anafunsa kuti filing'i imayendetsa liti. Ndinati siyendetsa. Anafunsa kuti olo kamodzi. Ndinati kamodzi, mpaka pa mpope."

"Za galu munanenanso?"

"Anafunsa chifukwa chimene munaimira pa mpope."

"Kenako?"

"Kenako anapempha waya ndi mwala, anakhala paja, n'kuyamba kuwongola. Wabwino amasiya pakhomo pano. Wamakwinya amagawana ndi anzake."

A Gilford anatulutsa mpango n'kumina, ngakhale kuti analibe chimfine. Anati m'kontenamu muli fumbi lambiri. Che Zaki anavomera kuti fumbi linalembedwa pachitseko kuyambira tsiku loyamba.

"Wamakwinyayo akuchita naye chiyani?"

"Galimoto."

"Ana anga? A patitayimu?"

"Zatha zisanu ndi imodzi. Ya wanu ili ndi ngolo kumbuyo. Atsikana awiri apanga basi."

"Mwawaphunzitsa ndinu."

"Ayi. Ine ndinali ndi kasitomala."

"Nanga ndani?"

"Palibe. Anangopeza masana atatu."

A Gilford anatsegula pakamwa kuti anene za ana a masiku ano, chifukwa pakamwa pamazolowera njira yake ngati ng'ombe ya pangolo. Anatsekanso. Anayang'ana lole yawo, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona chinthu chimene chinali poyera kuyambira dzulo.

"Chiwongolerochi chimufika pachifuwa."

"Chimufikadi."

"Ndiye ndimupatsa bwanji?"

"Ali nayo yake."

"Nanga iyi ndi ya ndani?"

"Ndinayeza inu."

A Gilford anakana. Anati iwo ndi mphunzitsi, wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, mlembi wa komiti ya chitukuko ku tchalitchi. Anati ku Biwi kumadutsa makolo a ana amenewa, kudzagula zipangizo za magalimoto. Anati Lolemba ayima bwanji kutsogolo kwa bolodi. Che Zaki anamvetsera zonse, n'kunena kuti galimoto ya mawaya ikangokhala imachita dzimbiri, ndipo ntchito ikatha malo a m'kontena amafunika kwa makasitomala ena. Atatero analowa kuseri kwa mageti osamaliza, anatulutsa beseni lakale losungiramo mabawuti, anakhuthula, n'kudula kachidutswa ka payipi ya madzi.

"Zimenezo n'zachiyani?"

"Magalimoto asanu ndi awiri, mafuta palibe."

"Ine sindikhalanso pa beseni."

"Simukhala. Filing'i ndikhala ine. Inu mudutse pa mpope, musaime."

Anatsegula chitseko. Kuwala kunalowa limodzi ndi phokoso lonse lija, mahutala, mabuleki, ndi mawu amodzi amene a Gilford anawazindikira ngakhale kuti anali asanawamvepo akufuula chomwecho. Che Zaki anakayala beseni pansi pa kamtengo ka m'mbali mwa ngalande, n'kubwerera kudzaona chimene chikumuchedwetsa kasitomala.

A Gilford anali pakhomo, chiwongolero pa mchombo, mateyala akutsogolo ali kunja, akumbuyo ali m'kati. Tayi anali ataiwala pa msomali.

"Chimodzi chokha," anatero. "Masiku atatu onsewa akudziwa kuti ndili muno. Bwanji sanalowe?"

"Anzake ankafuna kusuzumira. Iye anawaletsa."

"Anati chiyani?"

Che Zaki anayang'ana kudenga, kuti mawuwo awanene monga momwe anabwerera.

"Anati akuluakulu a masiku ano sadziwa kusewera, ndiye tisakufulumizeni."